Mpando wa Kumbuyo wa Pierce-Arrow

Madzulo amenewo Wendell Stoltzfus anadya nyama ndi mbatatesi mwakachetechete, maso ali pawindo loyang'ana ku shedi. Mkazi wake Lorna anamufunsa ngati wayambanso kulondera chigalimoto chake. Iye anangopitiriza kutafuna.

Chigalimotocho chinali Pierce-Arrow ya 1913, ya anthu olemera akale. Nyali zake zamkuwa zoyatsa ndi machesi, dalaivala kutsogolo pamtetete, bwana kumbuyo m'kachipinda ka magalasi, pakati pawo kapaipi kolankhuliramo. Wendell anaigula pa okushoni ya katundu wa banja lina limene linatha lonse psiti. Anzake osunga magalimoto akale ankamusirira chinthu chimodzi: nsalu ya mpando wakumbuyo, yoyambirira yeniyeni, yosasinthidwapo. Pamenepo sipankakhala munthu, ngakhale Lorna amene.

Koma sabata imeneyo, m'mawa uliwonse, mpandowo unkapezeka wolowa pakati, ngati pangochoka munthu.

Wendell sanavutike kusaka wolakwa. Mlamu wake Merle, basi! Si ndiye anaiphonya galimotoyo pa okushoni, n'kumangoti mukatopa nayo mundiuze? Munthu wa diso lotero, loko wa shedi angamukanike? Ndiye kuti usiku amabwera kudzaiyeserera, kuti nsalu ikaonongeka aitenge motchipa. Wendell mtima unamuwawa kwabasi, ndipo anatsimikiza zomugwira yekha.

Kutada analowa m'shedi osayatsa getsi. Pobisala pabwino panali kumbuyo, m'magalasi muja. Koma Wendell kukhalira nsalu imeneyo? Bola kufa. Anakwera kutsogolo, pachikopa cha dalaivala, n'kuyamba kudikira.

Kunja mphepo inkagwedeza mapesi a chimanga. Kenako inaleka. Chitseko cha shedi sichinatseguke, iye ankachiyang'ana ndithu. Koma galimoto inapendekera mbali imodzi, pang'onopang'ono, zitsulo zapansi n'kulira. Panamveka fungo la fodya ndi chikhoti chonyowa.

"Alamu, ndakuonanitu," anatero Wendell.

Atacheuka sanaone munthu, koma galasi linali litachita nthunzi, cha mkati.

Kapaipi kaja, pafupi ndi khutu lake, kanapuma. Anali mawu a nkhalamba, osakwiya, a munthu wozolowera kumveredwa.

"Ndadikira mokwanira, mnyamata iwe. Yatsa nyali. Tiye kunyumba."

Wendell anangoona miyendo yake ikutsika, manja ake akukhwatcha machesi, akupukusa chitsulo cholizira injini.

Kutacha amene anamupeza ndi Merle yemweyo, atadzutsidwa ndi Lorna akulira. Anamupeza kuseri kwa phiri, pa bwinja la banja linatha lija, pomwe panatsala masitepe okha m'thengo. Wendell anali chiimire, mame thupi lonse, chipewa m'manja, atagwira chitseko chakumbuyo cha galimoto chotsegula. Ankadikira kuti wina amalize kutsika.

Anthu a m'deralo ena amati ndi ukalamba chabe. Ena amanong'ona kuti malemu mwini galimotoyo palibe anamuuza kuti inagulitsidwa. Lorna anadandaula kuti chinthucho chichoke pakhomo, ndipo Merle, amene tsopano ankaopa ngakhale kuchikhudza, anavomera kuchigula kuti apulumutse mlamu wake.

Wendell anamuyang'ana modabwa, akupukuta nyali zija.

"Alamu, ndingagulitse bwanji chinthu cha eni? Bwana akaifuna usiku uno, ndiwauza chiyani?"