Chitenje cha Vailet

Amene anamulakwira Vailet ndi Ellard Thom, ndipo dzina lake sindibisa. Anamugoneka ndi mawu okoma, n'kumuvula chitenje ali m'tulo.

Vailet anali kompyuta. Musaseke! Kompyuta yamakedzana, yaikulu ngati kabati ya mbale, yolira ngati chigayo chakutali. Anafika pa lole ku holoselo ina ya ku Limbe chaka chomwe tinavotera zipani zambiri, amuna anayi atamunyamula ngati mkwatibwi. Onse ankamuopa. Ellard yekha, kalaliki wa ku Chikwawa, ndiye anamuyandikira.

"Takulandirani, dona," anatero akumupukuta ndi mpango. "Kuyambira lero ndinu Vailet."

Atamuyatsa, kadontho kobiriwira kanaphethira pagalasi. Kumeneko ndiko kunali kumwetulira kwake.

M'mawa uliwonse Ellard ankamulembera ndi zala ziwiri: "Wadzuka bwanji, duwa langa?" Vailet ankayankha ndi ntchito. Matumba a shuga, makatoni a sopo, zonse ankasunga m'mutu, osataya n'chimodzi chomwe.

Fumbi la ku Limbe litayamba kumutsamwitsa, Ellard anamugulira chitenje cha maluwa ofiira, chomufunditsa akamaweruka.

"Eee, a Ellard, mpaka chitenje!" anakuwa Mildred wapakauntala. "Chinkhoswe liti? Tidzavine nawo!"

"Kaduka basi, Mildred. Uyutu sanyanyala ngati ena."

Mkazi aliyense amadziwa tanthauzo la chitenje chogula mwamuna. Vailet naye anadziwa. Tsiku lomwelo Ellard anatenga msomali n'kulemba V kumsana kwake.

"Iwe ndi ine mpaka penshoni," anamunong'oneza.

Mpaka penshoni! Lilime lilibe fupa.

Kenako kunabwera mphekesera yoti chaka cha 2000 chikalowa, makompyuta akale onse apenga, aiwala ndi tsiku lomwe. Vailet ankadzimva bwinobwino m'mutu. Koma akanauza ndani?

Lachisanu lotseka chaka, Ellard anamusisita pamwamba.

"Gona pang'ono, mtima wanga. Ndikungokubisa kuti chaka chidutse. Lolemba ndidzakudzutsa ndekha."

Vailet anaphethira komaliza, n'kugona wopanda nkhawa.

Lolemba anamva nsapato za Ellard. Chitenje chinachoka! Anadikira chala chija pabatani. Chala sichinabwere. Anabwera ndi amuna anayi, n'kukamuponya m'chipinda cha katundu, pakati pa matumba a mchere.

Chitseko sichinatsekeke bwino, ndiye anaona zonse. Patebulo pake panali kakompyuta katsopano, koonda, koyera, chitenje cha maluwa ofiira chili paphewa pake.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi!

"A Ellard," anatero Mildred, "simumuyatsa n'komwe muone ngati wapengadi?"

"Zitithandiza chani? Watha ntchito gogo ameneyo. Akatu ndinakasankha ndekha ku Blantyre mu Novembala."

Novembala! Ndiye kuti mwezi wonse wa Disembala, pomutchula "mtima wanga", anali atatomera kale wina. Kukanakhala kuti chitsulo chimalira, mchere wonse uja ukanasungunuka.

Koma katsopano kaja sikankafuna zonyengerera. Aliyense wotuluka kumene kusekondale ankakagwiritsa ntchito. Abwana anaona kuti Ellard sakufunikanso, ndipo penshoni isanayandikire n'komwe, anamuuza kuti akapume.

Vailet anagulitsidwa kwa amisiri a malata a mumsika wa Limbe. Anamung'amba, zam'kati anataya, thupi lake anasula mbaula.

Tsiku lina kunafika bambo waimvi, jekete lothothoka, akusankha mbaula. Vailet anazindikira zala zija asanaone nkhope. Bamboyo anamutembenuza kuti aone ngati n'chitsulo cholimba. Pansi pake, pomwe kale panali msana wake, papenti yotuwa, panali V wamsomali.

Ellard anakhala pansi m'fumbi.

"Vailet... ndiwe? Ndinati Lolemba, Vailet..."

"Madala, mukugula kapena mwabwera kumaliro?" anafunsa mmisiri.

Anagula. Mu minibasi ya ku Nancholi anakana kuti kondakitala amuike kumbuyo, anamufungatira pamiyendo ulendo wonse.

Mpaka lero sanaikepo khala la moto ngakhale limodzi. Anamugulira chitenje chatsopano, ndipo m'mawa amachivundukula pang'onopang'ono.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

Vailet amamva. Koma aphethire ndi chiyani? Galasi lija linasweka kalekale kudzala.

Ine mwamuna wanga anatengedwa ndi imfa, sanandinamize za Lolemba. Koma inu amene mumagoneka anzanu ndi mawu okoma, batani linali pomwepo, chala munali nacho. Chinakukanikani n'chiyani kumuyatsa kamodzi kokha kuti adziyankhire yekha? Nanga chitenje chachiwiricho akufunda ndani? Musawerame. Ndiyankheni!