M'bale Amene Sitinamuwerenge

Ine nkhani za mizimu sindizikonda, ndipo munthu akaziyamba ndimanyamuka kukatsuka galimoto. Koma iyi ndinaionera ndekha, dzuwa lili pamutu. Nesi Namukolo analipo, ndipo mpaka pano akugwirabe ntchito pa kiliniki yomweyo ku Mambwe. Mukamufunsa adzakuuzani zomwezi, ngakhale adzayamba wakukalipirani chifukwa cholowa ndi fumbi.

Ndine Steward, dalaivala wa Dokotala Lillian Chulu. Mayi ameneyu anabadwira m'chigwa cha Luangwa, ndipo moyo wake wonse wathera pa magazi a anthu. Amafufuza asilikali a m'thupi, kuti n'chifukwa chiyani amagona khansa ikalowa, nanga angadzutsidwe bwanji. Amafufuzanso matenda otengera kwa makolo, poti alongo ake awiri anamwalira nawo akadali aang'ono. Ndi munthu wanthabwala, koma siyani botolo la magazi padzuwa, mudzamva kuti kukalipa amakudziwa m'zilankhulo zinayi.

Chaka chimenecho mtima wa a Dokotala unali pa Delia, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi wodwala khansa ya m'magazi. Mankhwala anali atalephera. Chotsala chinali kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina kuti thupi lake lipeze asilikali atsopano. Anzawo a Dokotala kunja anavomera kumuthandiza, bola papezeke m'bale wa magazi ogwirizana, ndipo apezeke msanga chifukwa mwanayo ankafookerafookera. Bambo ake anali atamwalira, amake ankadwala mtima moti sakanatha kupereka.

"Mubweretse abale onse," a Dokotala anauza amake Delia.

Anabwera ndithu, amalume, amayi aang'ono ndi ana awo, ena panjinga ena wapansi. Koma ena anali okalamba, ena makanda, ndipo otsalawo magazi anakana. Yankho lomaliza linafika Lachiwiri lina mu Okutobala. A Dokotala anadzitsekera m'chipinda. Ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa Delia ankandiseka tsiku lililonse kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira.

Ndinakhala pakhonde, Namukolo ali patebulo lake. Kunkatentha koopsa, nyenje zikulira m'mitengo ya mupani mpaka makutu kuwawa.

Kenako nyenje zinaleka. Zonse, kamodzi.

Firiji ya katemera nayo inangoti zii. Ndinamva fungo la matope a mumtsinje, lozizira, losakanikirana ndi la nsomba yaiwisi. Mtsinje uli kutali ndi pamenepo.

Pamasitepe panaima munthu. Sitinamuone akubwera. Anavala kabudula ndi kachipewa kofiira, wopanda nsapato. Khutu lake lakumanzere linali long'ambika.

"Mwaswera bwanji?" anatero motsitsa mawu.

"Taswera, kaya imwe atate?" anayankha Namukolo.

"A Dokota sanawerenge bwino. Ana ni awiri."

"Ana a ndani?"

"Winayo ni Given. Akonza njinga kuseri kwa eyapoti, pansi pa mango. Muwauze."

"Nanga imwe ndimwe ndani?"

"Amake Delia aniziwa."

Namukolo anawerama kuti alembe. Ine ndinatembenuka kugogoda pachitseko cha a Dokotala. Titayang'ananso, panalibe munthu.

Bwalo la kiliniki ndi lambee, mulibe pobisala ngakhale nkhuku. Pasimenti panali mapazi onyowa, okwera masitepe atatu. Otsika panalibe. A Dokotala atatuluka anagwada n'kukhudza phazi limodzi. Chala chinabwera ndi mchenga wozizira. Pomwepo nyenje zinayambiranso.

Tinaitana amake Delia. Namukolo atangotchula za khutu, mayiwo anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Ni a Japhet," ananong'ona. "Mbedza inawang'amba tikali pachibwenzi."

Japhet anali bambo ake a Delia, msodzi. Mvuu inagubuduza bwato lake zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo thupi lake silinapezeke. Ine ndi Namukolo tinali tisanamuonepo, poti tonse ndife obwera. Ndinalakalaka nditakhala kwathu ku Katete.

Koma a Dokotala mantha anawaika pambali. "Given mumudziwa?"

"Nimuziwa. Ni mwana wa a Japhet wa kwa mkazi woyamba."

"Nanga osabwera naye bwanji?"

Mayiwo anadabwa zenizeni. "Munati abale, a Dokota. Uja ni wa mbumba ina."

Kuchigwako mwana ndi wa kuchikazi. Mukanena abale, munthu amawerenga a kwa amake basi, ndipo mayiwo sanabise kanthu. A Dokotala anagwira mutu, kenako anayamba kuseka mpaka misozi.

"Zaka twente-sikisi nili pa magazi, ine mwana wa pano, nafunsa monga mlendo! Steward, liza galimoto!"

Tsiku limenelo sindinayendetse ngati ndanyamula mazira. Kuseri kwa bwalo la ndege la Mfuwe tinapeza mtengo wa mango, pansi pake mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri akumata chubu. A Dokotala asanamalize kufotokoza, iye anali atapinda kale mkono wa malaya.

"Delia ni mlongosi wanga," anatero. "Tengani yonse mukafuna."

Patapita masabata atatu yankho linabwera: magazi anagwirizana. Namukolo, amene ndinali ndisanamuonepo akumwetulira pantchito, anavina ndi tsache m'manja. Delia ndi Given anakwera ndege mvula isanagwe.

Anabwerera patatha miyezi isanu ndi itatu. Pabwalo la ndege panali nthungululu zoti alendo oona nyama anayamba kujambula ife m'malo mwa njovu. Delia anatsika tsitsi litamera, masaya atabwerera, n'kufunsa ngati ndinaphunzira kuyendetsa. Given ankauza aliyense kuti asilikali ake sagona pantchito. Mbumba ziwiri zimene zinkangopatsana moni wa panjira zinadyera pamodzi mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinalira poyera, ndipo sindichita nazo manyazi. Lero Delia ali giredi leveni.

Sabata yotsatira a Dokotala ankalemba lipoti la kafukufuku wawo, tili m'galimoto. Pa fomu panali funso lakuti ndani anawauza za wopereka. Anagwira cholembera nthawi yaitali.

"Steward, unamuona bwinobwino?"

"Monga nikuonerani imwe."

Analemba kuti, "Bambo a wodwala." Pamwamba pa tsamba lomwelo, ndi dzanja lawo lomwe, panali palembedwa kale kuti bambo a wodwala anamwalira, ndi chaka chake. Lipotilo linapita choncho, ndipo mpaka lero palibe amene walibweza.