Mbedza Yosagona ndi Njala

Alipo pano amene angakhulupirire zomwe maso ake sanaone? Ngati palibe, nyamukani, mpandowo musiyire wina. Koma mukakhala, musanditche wabodza nkhani isanathe. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, bodza lalitali chonchi sindingalimange ndekha.

Kuseri kwa tauni ina kunali kanyanja kakang'ono, koti munthu wa miyendo yabwino akanyamuka m'mawa amakazungulira konse njala isanamugwire. Nsomba za m'menemo zinkakwanira asodzi a mbedza khumi ndi awiri, ndipo onsewo ankadya, kupatula mmodzi. Ameneyu ankamutcha Bwerachabe, chifukwa ndowa yake inkapita yopepuka n'kubwerako yopepuka. Musaganize kuti linali tsoka. Munthuyu anali mlesi wotheratu. Anzake akukumba nyongolotsi mame asanakamuke, iye ali m'bulangete. Ankafika pagombe dzuwa lili paliwombo, nsomba zitatsikira pansi kuthawa kutentha. Akaponya mbedza kawiri, kuyasamula katatu, basi, wayamba kusuzumira m'ndowa za anzake.

Ndowa yomwe inkamupweteka kwambiri inali ya mlamu wake, mlongo wa mkazi wake. Mlamuyo anali munthu wofatsa, wodziwa bango limene limabisa nsomba, ndipo anali atafolera nyumba yake ndi malata. Malata amenewo ankamuthobwa m'maso Bwerachabe ngakhale kunja kuli mitambo.

"Achimwene anu aja ndi okhwima," ankatero kwa mkazi wake.

"Anakhwimira kudzuka m'mawa," mkaziyo ankayankha, uku akusoka chigamba pamwamba pa chigamba china pa diresi la mwana wawo wamkazi. "Inu mankhwala amenewo anakukanani."

Asodzi a pakanyanjako anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Nsomba yosakwana chikhatho ankaibwezera m'madzi. Yamazira, kapena yosunga tiana m'kamwa, ankaibwezeranso. Mvula ikayamba, ndodo zonse zinkapachikidwa kudenga miyezi itatu kuti nsomba ziswane. Bwerachabe lamulo lachitatuli ankalisunga kuposa aliyense, mwina ankaonjezerapo ndi mwezi wachinayi.

Tsiku lina anamva za sing'anga wina amene ankakhala m'kachipinda kuseri kwa malo okonzera njinga. Anapita. Ankayembekeza zikopa ndi nsupa, koma anapeza bambo wa jekete loyera bwino, atakhala patebulo, akuwenga zikhadabo ndi lezala.

"Mukununkha madzi, koma simukununkha nsomba," anatero sing'angayo, moni osapereka. "Khalani."

"Agogo, umphawi ndatopa nawo."

"Nawonso watopa nanu. Mukufuna chiyani?"

"Nsomba zizibwera zokha."

Sing'angayo anatsegula kabati n'kutulutsa bokosi la machesi. M'katimo munali mbedza imodzi, yakuda bii, yosasiyana kukula ndi mbedza zogula m'golosale.

"Iyi siifuna nyambo. Mukaiponya, nsomba zizichita kulimbirana. Koma ili ndi khalidwe limodzi. Siigona ndi njala. Tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe, ikole nsomba yamoyo, ngakhale imodzi yokha. Ndipo madzi amene idzalawe poyamba ndi omwewo mpaka kalekale. Kwina siikola."

"Nanga tsiku lina itapanda kukola?"

"Imakola ndithu. Mbedza saiphunzitsa ntchito. Ikasowa m'madzi, imakafuna pakhomo pa mwini wake. Chilichonse chokhala ndi pakamwa."

Bwerachabe anaseka mpaka kuoneka mano a kumapeto. "Agogo, m'madzi mungasowe nsomba?"

"Kanyanja kanuko n'kakakulu bwanji?"

"N'kokwanira."

"Onse amatero." Sing'angayo anapemerera zikhadabo zake. "Kuitaya siitayika. Kuibweza sindilandira. Mwamva?"

"Ndamva. Nanga ndipereke chiyani?"

"Tengani. Ine ndi mbedzayi timamvana tokha."

Munthu wa mutu wake akamva mawu otero amagwira chipewa n'kuliyatsa liwiro. Bwerachabe anathokoza kawiri, anawomba ndi m'manja momwe.

M'mawa mwake, kapena ndinene masana ake, poti kudzuka sanasinthe, anaponya mbedza ija yopanda nyambo. Madzi anachita kubwadamuka. Anavuula nsomba, kuponyanso, kuvuulanso, mpaka mkono unachita dzanzi. Ndowa inadzaza. Anavula shati n'kuimanga ngati thumba, nayonso inadzaza. Sabata isanathe anabwereka wilibala. Miyezi itapitapo anagula njinga yamoto ndi filiji, nafolera nyumba ndi malata opaka utoto wofiira, oti mlamu wake aziwaona ali kwawo. Analamula kuti dzina la Bwerachabe lithe, azimutcha Bwana. Anthu ankamutchadi Bwana akamayang'ana, akatembenuka n'kubwezeretsa lakale lija.

Tsopano mvetserani uchitsiru wake. Mbedza ija inkangofuna nsomba imodzi patsiku. Imodzi! Akanatenga zokwanira banja ndi zogulitsa pang'ono, bwenzi kanyanjako kakumudyetsa mpaka imvi. Koma iye akaona madzi akubwadamuka, dzanja linkakana kuleka. Yaing'ono ngati chala, m'ndowa. Yamazira, m'ndowa.

Mvula itagwa, mlamu wake anamupeza pagombe.

"Alamu, mvula yayamba. Ndodo kudenga."

"Pachikani zanuzo. Yangayi ilibe tchuthi."

"Taonani iyo mwavuulayo, yalavula tiana m'bwato. Mukudya mbewu, alamu. Chaka chamawa tidzawedza chiyani?"

"Nsanje, alamu, nsanje! Kale munkandiseka ulesi. Lero ndalimbikira, mwayamba kulira."

Mlamuyo anatola tiana tija ndi chikhatho, nativiika m'madzi, nachoka.

Chaka chachiwiri nsomba zinayamba kuchepa msinkhu. Kenaka zinachepa chiwerengero. Asodzi ena aja anatopa ndi kukhala padzuwa pachabe. Wina anapita kukaumba njerwa, wina kukasenza matumba pamsika, ndipo mlamu uja anayamba kukonza mipando ya anthu. Mbalame zodya nsomba nazo zinasamuka. Pakanyanja panatsala Bwana yekha ndi mbedza yake.

Ndiye linafika tsiku lomwe anaponya, madzi osagwedezeka. Anapalasa bwato kupita kubango, zii. Kumiyala, zii. Dzuwa linapendeka, linafiira, linalowa. Atafika kunyumba anapeza mkazi wake ataima pabwalo, atagwira tambala wawo wamkulu kumiyendo.

"Abambo ake mwana, taonani malodza. Tambala amadya bwinobwino apa, kenaka wangonyamuka m'mwamba ngati wina wamukoka. Mlomo wang'ambika mpaka kudiso."

"Ndi mphamba ameneyo," anatero Bwana.

"Mphamba wosaoneka?"

Atalowa kuchipinda anatsegula bokosi la machesi lija. Mbedza inali yonyowa, kansonga kake kali ndi kanthenga.

Sabata yotsatira, atasowanso nsomba, anapita galu. Kenaka mbuzi, imene anaipeza itaimirira ndi miyendo yakumbuyo, mutu uli m'mwamba, ngati ikusuzumira kudenga. Bwana anaponya mbedza ija m'chimbudzi, koma popisa dzanja m'thumba kufuna fodya inamubaya chala. Anathamangira kwa sing'anga.

"Agogo, nsomba zatha!"

"Zapita kuti?"

"Zatha basi."

"Munadya ndinu, kapena ine?"

"Ndagula anapiye makumi awiri kuti izitolako mmodzimmodzi. Ikungowadumpha."

"Ikalawa chachikulu siibwereranso ku chaching'ono. Yadya mbuzi, mwati? Pamwamba pa mbuzi, pakhomo panu pali chiyani?"

Bwana anawerenga pazala anthu a pakhomo pake.

"Ipatseni nsomba, ndiyo ntchito yake," anatero sing'angayo. "Potuluka mutseke chitseko, kukulowa fumbi."

Apa ndiye panayambira sewero lomwe tauni yonse inasekera mpaka kugwira nthiti. Msodzi wolemera uja anayamba kugula nsomba zamoyo kwa alimi oweta nsomba m'maiwe, kuzinyamula m'migolo panjinga yamoto, n'kukazithira m'kanyanja kuti aziwedze. Munaonapo munthu akugula madzi kukathira pachitsime? Ndipo mukuganiza kuti anaphunzirapo kanthu? Ulendo woyamba anathira mgolo wathunthu, woti ukanamusunga miyezi. Madzi atabwadamuka, dyera linamukwera, anazivuula zonse tsiku lomwelo n'kukazigulitsa motchipa kuposa mmene anagulira. Ulendo wachiwiri, asodzi akale aja anatsitsa ndodo zawo kudenga n'kudzakhala pagombe mondondozana.

"Bwana, mwatibweretsera zamtundu wanji lero?"

"Mawa mubwere ndi zonona, izi n'zaminga!"

Filiji inapita. Njinga yamoto inapita. Malata ofiira aja anatsika limodzilimodzi, mpaka mvula inayamba kugwera pabedi. Pomaliza ankasenza ndowa pamutu kuchokera kumaiwe, ulendo wa maola atatu, ndipo nsomba zambiri zinkafika zitayang'ana kumwamba, zitafa ndi kutentha. Yakufa mbedza inkaikana.

Madzulo ena, dzuwa litatsala chala chimodzi kuti lilowe, mwana wawo wamkazi anali pakhonde akulemba za kusukulu. Mwadzidzidzi anakuwa. Mayi ake potuluka anapeza mlomo wam'mwamba wa mwanayo utatukuka, ukukokeka ndi chinthu chosaoneka, mwana ataima ndi zala za kumapazi, magazi akutsikira pachibwano. Anamukumbatira m'chiuno n'kumukokera pansi. Kenaka chinthucho chinangomusiya, onse awiri anagwa. Nthawi yomweyo n'kuti kunyanja Bwana atavuula kansomba kamodzi kowonda, komaliza m'ndowa ya tsikulo.

Bwana atafika, anapeza mkazi wake akumudikirira pakhomo, mwana ali kumbuyo kwake atagwira kansalu pakamwa.

"Tambala. Galu. Mbuzi. Lero mwana wanga. Nenani, munakatenga chiyani?"

Anakana, analumbira, anatchula ndi akufa omwe. Koma mkaziyo atagwira mpini, anaulula zonse. Ndiye atamaliza, m'malo mogwada pansi, munthu uja anakanda kumutu n'kutsitsa mawu.

"Amayi ake mwana, ndaganiza. Bwanji tiitane amayi anu adzakhale nafe? Akalamba, akuvutika okha kumene kuja. Chipinda chilipo."

Mkaziyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga mmene munthu amayang'anira chimene waponda panjira.

"Amayi anga akhale nyambo?"

"Sindinatero ine."

"Anu bwanji?"

"Anga aja mukudziwa, amadwaladwala."

Mkaziyo analowa kuchipinda. Anamanga zovala zake ndi za mwana mu nsalu imodzi, nanyamula, nagwira mwana padzanja. Ali pachipata anatembenuka.

"Ine ndi mwanayu si apakhomo pano kuyambira lero. Tikukakhala kwa achimwene. Muiuze mbedza yanuyo kuti pano patsala pakamwa pamodzi pokha."

Kutacha, kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, Bwerachabe anadzuka mame asanakamuke. Analibe chogulitsa, ndipo alimi a maiwe anamubweza pachipata. Anapalasa bwato kuzungulira kanyanja konse, kuponya pabango lililonse, pamwala uliwonse. Ankaziitana nsomba ngati nkhuku. Ankazipepesa. Mlamu wake, amene anamva zonse kwa mlongo wake, anabwera masana n'kukhala pagombe pafupi ndi bwato lake lakale.

Dzuwa litakhudza mitengo, Bwerachabe anaimirira m'bwato, natseka pakamwa ndi manja onse awiri. Zinathandiza chiyani? Mlamuyo anangoona mutu wa munthu ukugwedezeka kamodzi, kawiri, monga imachitira nsomba ikamalawa nyambo. Kachitatu anafwamphuka m'bwato, chibwano patsogolo, nakokedwa pamwamba pa madzi, miyendo ikupalapata, mpaka pakati pa kanyanja. Pamenepo anamira, navuuka, namiranso.

Mlamu anakankha bwato lake napalasa ndi mphamvu zonse. Anamugwira kolala n'kumukwezera m'bwato. Mbedza yakuda ija inali italowa m'kamwa n'kutulukira pansi pa diso. Munthuyo anagona pansi pa bwato akuphiriphitha, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka. Ndi mpweya wotsala anagwira dzanja la mlamu wake nati, "Alamu, ndinalakwa. Ndinadya mbewu. Mukapepese kwa mlongo wanu ndi kwa mwana wanga." Atatero anaziziratu, bwato lisanafike pagombe.

Kanyanja kaja kanatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti munthu aonemonso nsomba yokwana chikhatho. Mtsikana uja anakula ndi chipsera pamlomo.

Choncho inu amene malata a mnzanu amakusowetsani tulo, mvetsani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chuma chobwera chopanda thukuta chimakhala ndi njala yakeyake, ndipo chikamaliza kudya za kunja chimalowa m'nyumba. Wadyera amayamba ndi kudya za anzake, amatsiriza ndi kudyedwa yekha.

Tsopano poti mwakhala mpaka pano, ndiulule pamene ndathira mchere. Mawu olapa aja, akuti ndinalakwa, mukapepese, ndapeka ine, kuti amayi ali panowa apeze pogwetsera msozi. Munthu uja sanalape. Mlamu wake anandiuza yekha, akukhoma mwendo wa mpando wanga, kuti pamene anatambasula dzanja kuti amuzule mbedza ija, Bwerachabe anamumenya padzanja, nalankhula movutikira, magazi ali m'kamwa: "Siyani, alamu. Ndi yanga imeneyo. Mukagule yanu."