Raketi ya Theresa Ikulira Yokha

Lusubilo ankafuna kugwira raketi ya Theresa. Kamodzi kokha.

Raketiyo inali ku kalabu ya tenesi ku Hillhead, mumzinda wa Glasgow. Mayi ake a Lusubilo ankakolopa kumeneko. Loweruka lililonse Lusubilo ankapita nawo.

M'kalabumo munali kachipinda kozizira. Pakhoma panali chithunzi chakale. Pachithunzipo panali mtsikana wovala diresi lalitali loyera. Ameneyo anali Theresa Henderson.

Bambo Thomas anali nkhalamba yokonza maraketi. Ankakonda kusimba za Theresa.

"Anabadwira ku Australia, pa famu ya nkhosa," anatero. "Bwalo lake linali lozira ndi dothi la pachulu. M'mawa ankamenya mpira. Madzulo ankamenya mpira. Anagonjetsa onse a kwawo. Kenako anakwera sitima yapamadzi. Anafika kuno. Anapambananso. Raketi yake anatisiyira."

"Nanga ali kuti?" anafunsa Lusubilo.

"Anamwalira kalekale, mwanawe."

Raketiyo inali yamtengo. Inkakhala pashelefu, yopanidwa ndi timatabwa.

"Usaikhudze, Lusu," anatero mayi. "Ikawonongeka adzati ndine. Ntchito idzathera pomwepo."

Loweruka lina kunagwa mvula. Chifunga chinaphimba bwalo lonse. Mayi ankakolopa m'khonde. Bambo Thomas anapita kukamwa tiyi. Lusubilo analowa m'kachipinda muja yekha.

Anaigwira raketi ija. Inali yozizira. Inali ndi chinyontho.

"Pepa," anatero. "Ukuzizidwa eti?"

Ku Glasgow dzuwa ndi mlendo. Kunyumba chovala chikanyowa, mayi amachiyanika pa hita. Lusubilo anamasula timatabwa tija. Anagoneka raketi pa hita imene inali pakona. Anakhala pansi kudikira.

Thwa!

Lusubilo anacheuka. Munalibe munthu. Chingwe chimodzi cha raketi chinali chitaduka. Chinkagwedera chokha.

Anayang'ana chithunzi. Theresa ankamuyang'ana. Anasunthira kumanzere. Theresa ankamuyang'anabe. Anasunthira kumanja. Theresa ankamuyang'anabe.

Thwa!

Chingwe chachiwiri chinaduka.

"Pepani, agogo Theresa," ananong'ona Lusubilo. "Sindidzabwerezanso."

Mvula yokha inkagogoda pazenera. Go, go, go.

Thwa!

Chingwe chachitatu.

Miyendo inati thawa. Koma akathawa, zingwe zonse zitha. Zingwe zikatha, ntchito ya mayi itha. Lusubilo sanathawe.

Anadzifunsa funso. Raketiyi yakhala chete zaka zana. Lero chasintha n'chiyani? Dzulo Theresa anali pakhoma pomwepo. Dzulo mvula inagwanso. Koma dzulo raketi sinali pa hita.

Anayenda pang'onopang'ono. Chithunzi sanachiyang'ane. Anagwira raketi. Inali yotentha! Anaichotsa msanga. Anaiika pansi pozizira. Anawerenga mpaka makumi awiri.

Kunali zii.

"Amayi!" anakuwa. "Bwerani! Ndalakwa."

Mayi anafika mopu ili m'manja. Anaona zingwe zoduka.

"Mayo ine! Mwana iwe, wandichita chiyani?"

Bambo Thomas anafikanso, kapu ili m'manja. Ananyamula raketi. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndinangoiyanika," anatero Lusubilo. "Ndinkayesa ikuzizidwa."

"Zingwezi ndi matumbo a nkhosa," anatero Bambo Thomas. "Zikatenthedwa zimakungika."

"Ngati ng'oma!" anatero mayi. "Kwathu ng'oma timaiwamba pamoto. Ukaiiwala, chikopa chimaphulika."

Lusubilo anaima patsogolo pa mayi ake.

"Ndine ndinaiika pa hita," anatero. "Si amayi. Chonde musawachotse ntchito."

Bambo Thomas anamuyang'ana. Anapsontha tiyi.

"Eya, ndamva," anatero. "Mtengo sunapindike. Unaichotsa msanga. Zingwe zotere ndili nazo. Mayi ako sapita kulikonse. Koma iwe bwera kuno. Woswa mphika ndiye amatola mapale."

Lusubilo anagwira raketi ndi manja awiri. Bambo Thomas analowetsa chingwe. Anakoka. Anamanga. Chimodzi. Chachiwiri. Chachitatu. Kenako anaipananso ndi timatabwa. Anaibwezera pashelefu.

Pobwerera kunyumba anakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka. Lusubilo anatsamira mayi ake.

"Amayi, ndinachita mantha."

"Ngakhale ine amandiopsa," anatero mayi. "Ndikalowa muja ndimayamba ndapereka moni. Ndimati, mwadzuka bwanji, mayi Theresa?"

"Amayankha?"

"Ayi. Tsiku limene adzayankhe, ine ndidzathawa, mopuyo adzakolopera okha."

Lusubilo anaseka. Mayi anaseka. Anaseka mpaka anthu onse m'sitimamo anacheuka.