Ndowa Ziwiri za Tiyi wa Ukwati

Lachisanu pa 9 Ogasiti 2024, pakati pa 12:30 ndi 1:15 masana, ndowa ziwiri za tiyi zidabedwa kuseri kwa shopu ya mayi Halimatu Saidi ku Limbe. Shopuyo idali yotseka chifukwa inali nthawi ya swala ku mzikiti. Wakubayo adamasula zomangira loko ndi sikuludiraiva.

Sajeni Idah Fombe wa polisi adafika 2 koloko.

"Tiyi basi?" adafunsa.

"Tiyi wa ukwati wa mwana wanga Amna. Ukwati ndi Loweruka pa 17, ndipo anthu mazana atatu ndawalonjeza kale," adatero mayi Halimatu.

"Simungagule wina?"

"Sagulidwa ameneyu, a Sajeni."

Adafotokoza. Masamba akuda ochokera ku Thyolo, makilogalamu asanu m'ndowa iliyonse. Zitheba za vanila zouma, makumi awiri m'ndowa, zong'ambidwa ndi mpeni m'litali n'kukwiriridwa m'masambamo. Ndowa imatsekedwa zolimba, n'kumagwedezedwa pakapita masiku atatu alionse. Fungo limalowerera pakatha masiku 21. Adatseka pa 26 Julaye. Kuyambanso kukadafika pa 30 Ogasiti, akwati atayamba kale kukangana za ndiwo.

Amuna a mayi Halimatu, a Habib, ndi dalaivala wa minibasi. Loweruka lonse adauza madalaivala ndi makondakitala pa siteji kuti aliyense amene adanyamula munthu wa ndowa ziwiri zobiriwira anene.

Lolemba 9 koloko m'mawa adafika ku polisi ndi kondakitala wina, Friday, wa minibasi ya ku Chilobwe.

"Adakwera Lachisanu lija cha m'ma wani," adatero Friday. "Ndowa ndidamulipiritsa mpando. Tili m'njira watsegula imodzi, wayamba kutulutsa timitengo takuda, akutukwana kuti anthu a tiyi masiku ano amaika zinyalala kuti sikelo ikwere. Amati ataye pawindo. Ine n'kumva kafungo, ndati man, mundipatse ine."

"Tili kuti timitengoto?"

"Tapachika pagalasi. Mabwana, chiyambireni sindidaonepo anthu akukana kutsika."

Sajeni adapita kukaona. Pagalasi la dalaivala padalendewera zitheba makumi awiri zomangidwa ndi labala. Mayi Halimatu, amene adaitanidwa pafoni, adaziwerenga kawiri, kenako adaseka mpaka kugwira chitseko.

"Wataya nyama, wasunga msuzi. Zimenezi n'zodula kuposa masamba onse aja."

Friday adakumbukira pomwe munthuyo adatsikira: pafupi ndi msika wa Chilobwe, pa tiyirumu yopakidwa penti wachikasu.

Sajeni ndi mayi Halimatu adafikapo 11:40. Pakhomo padali chikwangwani cha katoni: TIYI WA KU DUBAI WAFIKA. Mabenchi onse adali odzaza. Sajeni, yemwe adavala zovala wamba, adaitanitsa makapu awiri. Mwini malowo, Chrispine Thom, adabweretsa yekha. Ataona mayi Halimatu, thireyi idapendekeka pang'ono. Ankagula kwa iwo masamba wamba mwezi uliwonse.

Mayiwo adalawa, n'kuika kapu pansi.

"Chrispine, wawiritsa mphindi zingati?"

"Khumi, amayi."

"Tiyi ameneyu sawiritsa. Umathira madzi otentha, n'kuvundikira mphindi zinayi. Mkaka pang'ono pambuyo. Kuba waba, koma kumuzunza chonchi bwanji?"

"Sindidabe ine. Ndimapanga ndekha."

"Chabwino," adatero Sajeni. "Vanila amaoneka bwanji?"

Chrispine adayang'ana makasitomala ake.

"Woyera. Ngati ayisikilimu."

Bambo wina pa benchi adatsamwa ndi sikono. Sajeni adatulutsa chiphaso chake. Ndowa zidapezeka pansi pa kauntala, imodzi yosatsegulidwa, inayo itachepa ndi makilogalamu awiri. Pansi pa iliyonse padalembedwa ndi cholembera chakuda: 26/7. Chrispine adamangidwa 12:05. Makasitomala adapempha kuti amalize kaye makapu awo, ndipo adaloledwa.

Ku polisi kudabuka vuto lina. Ndowazo zidali umboni, ndipo umboni umadikira khoti.

"Ndiye alendo anga akamwere kuno?" adafunsa mayi Halimatu.

Sajeni adalowa kwa bwana wake ndi kapu ya tiyi wopangidwa ndi mayiwo, wa mphindi zinayi. Adatuluka ndi chikalata chosainidwa. Ndowa zidajambulidwa n'kubwezedwa kwa mwini wake. Ku polisi kudatsala botolo limodzi la magalamu 200, lomatidwa ndi chidindo, ngati umboni. Zitheba za pagalasi sizidabwererenso m'tiyi, chifukwa zidali zitamwa utsi wa dizilo. Mayi Halimatu adamusiyira Friday ziwiri.

Pa 17 Ogasiti, mu holo ina ku Sunnyside, tiyi adakwanira onse. Azakhali a mkwati adamwa makapu atatu, n'kupempha masamba pang'ono omanga pa mpango. Sajeni adabwera atavala chitenje cha ukwatiwo, ndipo adavina.

Pa 27 Ogasiti Chrispine adavomera mlandu pamaso pa majisitireti. Adalamulidwa kugwira ntchito yakalavulagaga kwa miyezi isanu ndi inayi.

Botolo la umboni litaikidwa pa sikelo m'khotimo, lidalemera magalamu 120. Chidindo cha pachivundikiro chidali chosang'ambika. Mpaka lero palibe yemwe wafotokoza komwe kudapita magalamu 80.