Malaya a Nkhope ya Wagitala

Anakumana pa shopu yosindikiza malaya pomwe mtsikanayo ankagwira ntchito. Anzake ankamutcha Singano chifukwa cha kuwonda komanso kulasa pakamwa. Tsikulo munalowa mnyamata atabereka gitala.

"Chemwali, mungaike nkhope yanga pa malaya?"

"Nkhope imeneyi? Mukufuna kuopseza ana?"

Wagitala anaseka mpaka kugwira khoma. Pochoka anali atatenga nambala, ndipo asanafike patali uthenga unalowa: "Duwa langa, wandilasa. Andichiritse ndani?"

Pakamwa pa Singano panali patagwetsa anyamata ambiri, koma apa anagwa ndi iyeyo. Chikondi chinayaka ngati udzu wouma.

Phwando lake loyamba la nyimbo litayandikira, Wagitala anabwera maso ali psuu.

"Ndilibe wina, Duwa. Malaya ogulitsa akapanda kutuluka, ndathera pompa. Tsiku limenelo ndidzakuitana pa siteji, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona."

Ndani akanakana? Singano anayamba kusindikiza pa nthawi ya nkhomaliro, pa makina a abwana, eniake osadziwa. Utoto unamudetsa zikhadabo, njala inamukwapula. Abwana atamupezerera sanachulutse gaga m'diwa.

"Tenga katundu wa chibwenzi chakoyo. Usadzapondenso pano!"

Analira njira yonse, thumba la malaya lili pamutu. Kunyumba akanena chiyani? Uthenga unalowa: "Pukuta misozi mtima wanga. Mkazi wa woyimba salembedwa ntchito."

Tsiku litafika anamuikira tebulo panja, pakhomo la holo, dzuwa likuswa mtengo. Wogulitsa malaya saona siteji, amangomva ng'oma kudzera kukhoma. Singano anali atavala diresi lake labwino, manja akupinda malaya, khutu lili kukhoma. Nyimbo ikatha, mtima unkadumpha. Tsopano andiitana! Kenako ina inkayamba.

"Dale, nthawi ikutha. Ndilowe? Chonde usandichititse manyazi," analemba.

Yankho linabwera oyimba atapuma: "Dikira pang'ono Duwa. Kukubwera mayi wovala zofiira, ndi mlongo wanga. Umupatse malaya aulere, achibale a oyimba sagula."

Mlamu! Singano anapukuta thukuta, n'kukonza tsitsi. Posakhalitsa mayiyo anafika atagwira kamwana kakakazi padzanja.

"Takulandirani mayi," anatero Singano, akumwetulira mpaka masaya kuwawa.

"Ndiwe mtsikana wa malaya uja? Amakuyamikira kunyumba. Akuti ndiwe wakhama, ndiponso suvutitsa."

Mayiyo anatambasula malaya amodzi. Kamwana kataona nkhope ya Wagitala kanalumpha, kakuloza.

"Amama onani! Adadi!"

"Eya, adadi ako. Apa awakongoletsa, kunyumba akadzuka sakhala chonchi." Mayiyo anaseka. "Ilipo saizi ya mwanayu? Anga akhale aakulu, ndi mimbayi aang'ono sandikwana."

Singano anayang'ana mimbayo. Anayang'ana kamwanako, kamene kanali katakumbatira kale malaya. M'holo ng'oma zinayambanso, anthu akukuwa, ndipo mawu aja anamveka akuyimba za chikondi chosatha. Ntchito yapita, ulemu wapita, chifukwa cha chiyani?

Misozi inafika m'maso, koma anaibweza. Anakoka mpando wake, n'kutsegula foni, n'kuiika pamwamba pa malaya.

"Mayi, khalani kaye pampandopa, mungagwe. Werengani zonse, osathamanga. Mukafika pansipo, akuti ndinu mlongo wawo."