Chingwe Choyezera Chikuku

Telala wina anatuluka pamalo ogulitsira magalimoto akale mlonda akutseka geti, maminibasi atasiya kale kuyenda. Wolakwa anali mwini wake. Kuyambira masana ankangozungulira timagalimoto tiwiri tamagetsi, kofiira ndi kotuwa, kutsegula apa, kugogoda apo, mpaka wogulitsa anayamba kuyasamula.

Kotuwa kanali ngati bokosi, batire yake yotopako, koma kumbuyo kotakasuka. Kofiira, eee! Kowala, kothamanga, zitseko ziwiri zokha, buti yongokwana mpukutu wa nsalu.

M'thumba la jekete anali ndi chingwe. Mlongo wake anachidula m'mawa molingana ndi chikuku cha bambo awo chikapindidwa. Bambowo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mlongoyo ndiye ankawakankha kupita kuchipatala, kaya dzuwa kaya mvula.

"Achimwene, mukayeze kumbuyoko," anatero pompatsa chingwecho. "Chikuku chikalowa, msana wangawu upumuleko."

Bambo awo anangoyang'ana kukhoma. "Musamuvutitse mwana. Agule kamene akukafuna."

Ndiye telala anayezadi. Munthu woti ntchito yake n'kuyeza anthu tsiku lonse angalakwitse bwanji? M'kotuwa chikuku chinkalowa, malo n'kutsalako. M'kofiira sichinkalowa ngakhale mutachita kupondereza. Ndipo tinene zoona, n'chimene anakakondera kofiirako. Sankafuna kusanduka dalaivala wa kuchipatala, kumanyamula nkhalamba m'manja makasitomala ake akuona, mipando n'kumanunkha mankhwala.

"Mawa ndibwera kudzatenga kofiira," anauza wogulitsa.

"Mwasankha bwino, bwana. Kameneko kanali kanga ndithu," anayankha wogulitsayo, maso ali pansi.

Njira ya kwawo inkadutsa pamlatho, n'kukwera chitunda, kenako n'kutsata mpanda wa manda. Masana anthu ankadzaza, koma tsopano munali iye yekha ndi phokoso la nsapato zake. Ankayenda akuyeserera bodza. Akanena kuti batire ya kotuwa ndi yakufa. Ayi, akanena kuti chingwe chinatayika, anangoyeza ndi maso. Atafika pakati pa mlatho anatulutsa chingwe chija, n'kuchiponya m'madzi. Panalibe womuona, koma nkhope inamutentha ngati wagwidwa akuba.

Kwii... kwii...

Anaima. Zii.

Anayambanso kuyenda.

Kwii... kwii...

Kumapeto kwa mlatho, pansi pa getsi la mumsewu, panali mkulu wina ali pachikuku. Anavala chipewa chaubweya, bulangete lobiriwira m'maondo. Ankayesa kukwera chitunda, teyala lakumanzere likulira, chikuku n'kumabwerera m'mbuyo.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo osacheuka, "tandikankhako pachitundapa."

Telala anafuna kudutsa ngati sanamve. Koma manyazi a chingwe chija anali asanazilale. Anagwira zogwirira. Chimodzi chinali chokulungidwa ndi tepi yakuda ya amagetsi, ndipo zonse zinkazizira ngati zachokera m'firiji.

"Usiku uno muli nokha, bambo? Ana anu ali kuti?"

"Alipo," anatero mkuluyo. "Ali ndi kofiira."



Telala anakankha. Chikuku chinali chopepuka. Chopepuka kwambiri. Chikuku cha bambo ake anachikankhapo kamodzi, thukuta linachita kamukamu. Ichi chinkangoyenda ngati mulibe munthu.

"Sikalira kaja," anapitiriza mkuluyo. "Kamangodutsa phee. Mwana wanga amandidutsa pompano, akuganiza kuti poti sikalira, ine sindidziwa."

Kwii... kwii...

"Ndimadziwa. Koma ndimayang'ana kumbali, kuti asachite manyazi."

 Telala anaona m'maganizo bambo ake m'mawa uja, maso ali kukhoma. Ha! Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa chingwe chisanatuluke n'komwe m'nyumba.

Anafika pa getsi lina. Telala anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chake chinalipo. Cha chikuku chinalipo, mateyala, zogwirira, mpando...

Pampando panalibe munthu!

Anafuna kusiya. Zala zinakana. Anafuna kukuwa. Mawu sanatuluke. Mpanda wa manda unali utayamba kale kudzanja lamanja.  Chipewa chili patsogolo pake pomwepa. Bulangete likuoneka. Koma mpweya wa munthu ayi.

Kwii...

"Ndafika," anatero mkuluyo pa geti la manda. "Zikomo, mwana wanga. Tenga ichi, wagwetsa."

Dzanja linatuluka m'bulangete.

Chingwe!

Chonyowa. Madzi akudontha... dontho, dontho.

Mmene anachilandirira, telala sakudziwa mpaka lero. Anangozindikira akuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'mbuyo. Atacheuka kamodzi, pa geti panali mbee.

Kunyumba anapeza mlongo wake akuwodzera pampando, atatsamira chikuku chopinda. Kuchipinda bambo awo anatsokomola.

"Wafika bwino, mwana wanga?"

"Ndafika, bambo."

"Chabwino. Kagone."

Sanamufunse za galimoto. Zimenezo ndiye zinamupweteka kuposa mbama. Anakhala pabedi mpaka kunja kunayera, chingwe chili m'manja, akulira mwakachetechete ngati mwana amene wadzikodzera.

M'mawa anali woyamba pa geti la pamalo ogulitsira magalimoto paja. Wogulitsa anamulandira makiyi a kofiira ali kale m'manja.

"Ndasintha maganizo. Ndipatseni kotuwa."

"Aaa, bwana! Bokosi limenelo? Batire yake mwaiona? Wakusokonezani ndani?"

Telala sananame. Bodza linali litamuthera. Anafotokoza za mkulu wa pamlatho, chipewa chaubweya, bulangete lobiriwira, teyala lolira. Atatchula chogwirira chokulunga ndi tepi yakuda, makiyi anagwa pansi. Wogulitsa anakhala pa teyala lakale limene linali pambali, manja ali kumutu.

"Tepiyo ndinakulunga ndine," anatero motsitsa. "Ndi bambo anga amenewo."

"Ndiye bwanji mumawasiya okha usiku?"

Wogulitsa anakweza maso ofiira.

"Bwana, papita zaka chiwaikireni m'manda omwewo. Ankachokera kuchipatala madzulo, akudzikankha okha. Chikuku chinabwerera pachitunda paja mpaka mumtsinje." Anayang'ana kofiira kaja, kakuwala padzuwa. "Ine ndinali nditangowadutsa kumene. Anayang'ana kumbali... ndiye ndinkati sanandione."